Denga kapena pamtetete? Ulendo wa ine ndi alamu

Lachisanu usiku, Milwaukee

Tafika. Ndikulemba ndili mu bulangeti pa motelo ina yotchipa kunja kwa Milwaukee, $89 usiku umodzi, alamu agona kale akuliza mkonono ngati chigayo cha dizilo, ine tulo tathawa chifukwa cha khofi yemwe ndamwa mnjira.

Ndiyambe ndafotokoza chomwe chatichotsa ku South Bend, komwe timakhala kuno ku America, pakati pa Disembala anthu anzeru ali phee mnyumba. Ndi mkangano. Zaka zitatu tsopano ine ndi alamu, achimwene awo a mayi a kunyumba, timakangana nkhani imodzimodzi Lamulungu lililonse tikakhala pa TV: matimu a mpira wa kuno, uja wothamanga mpira uli mmanja, omwe ali kumadera kozizira, azisewera m'bwalo lofolera kapena pamtetete? Ine ndinakulira ku Nchalo komwe mu Okutobala ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, nde kwa ine nkhani yake ndi yachidule, ngati ndalama zofolerera zilipo folerani. Alamu kwawo ndi ku Dedza ndipo amadzitenga ngati anabadwa atavala kale juzi. Ndi sapota wa Green Bay Packers wofera pompo, pabalaza pawo pakhoma pali pepala la sheya ya timuyi mu felemu, anagula $300 mu 2021, pepala loti silibereka phindu olo pang'ono. Akazi awo amati ndi chithunzi chodula kwambiri mnyumbamo.

Mwezi watha mayi a kunyumba anatopa nafe. Anangoti pitani mukaone nokha, mukabwere mutagwirizana, ine za madenga zandikwana. Nde ndife pano. Pulani ndi yoti Lamulungu tikaonere gemu ku Lambeau Field, bwalo la Packers ku Green Bay, pamtetete, kenako tiwolokere ku Minneapolis tikaone bwalo la Minnesota Vikings lomwe ndi lotseka mbali zonse.

Tanyamuka cha mma 1 koloko masana nditangodzuka poti dzulo ndinali ya usiku. Cha ku LaPorte sinowo uja wochokera ku nyanja ya Michigan anatipeza mosagogoda, pano msewu uli bwinobwino, kuphethira kamodzi sukuonanso ngakhale magetsi a thiraki ili patsogolo pako. Alamu pa chiwongolero akuimba likhweru, ine nditagwira chitseko ndi manja awiri ndikupemphera cha mumtima. Sindibisa, ndinaopa. Patatha mphindi 20 zinangosiya zokha ngati wina watseka mpopi.

Ku Chicago alamu anakhotera dala ku Lake Shore Drive kuti ndione Soldier Field. Kunja kuli nsanamira zakale za mu 1924, mkati mwake anakhazikamo chimbale cha zitsulo ndi magalasi mu 2003, chimaoneka ngati beseni latsopano loikidwa mu dengu la agogo. Lili m'mbali mwenimweni mwa nyanja, mphepo imalowa yosapempha. Apa ndimati ndayamba kuwina, chifukwa eni ake a Chicago Bears, timu yomwe yadzitama zaka zonsezi kuti kuzizira ndi m'bale wawo, akufuna akamange bwalo lofolera, moti mu 2023 anagula malo omwe kale kunkathamanga mahatchi ku Arlington Heights pa madola pafupifupi 197 miliyoni. Ndinati alamu mwaona, ngakhale zimbalangondo zatopa nacho chisanu. Iwo anati ayi alamu, amenewo sakuthawa mphepo, akuthawa lendi. Ndipo sananame, bwalolo si la timu, ndi la nthambi ya mzinda yoyang'anira mapaki, komanso ndi laling'ono, anthu 61,500 basi. Ndinakhala chete mpaka tinatuluka mu Illinois.

Tadya nsima ya nkhuku yomwe anatipakira kunyumba, mtsikana wa pa reception anatilola kutenthetsa mu microwave yawo ndipo anafunsa kawiri kuti choyeracho ndi chani.

Loweruka, Appleton

Ku Green Bay malo ogona sitinawapeze. Tauni ya anthu 107,000 kapena kuposerako pang'ono, bwalo lolowa anthu oposa 81,000, nde weekend ya gemu mitengo ya zipinda ukaiona umangoseka, ena akufuna ulipiriretu mausiku awiri. Tagona ku Appleton, ulendo wa mphindi 40 kummwera. Petulo kuno watsikirako kusiyana ndi Illinois, tathira full.

Masana tinalowa mu shopu ina yaikulu yogulitsa zinthu za alimi ndi alenje. Ine ndimati ndakonzeka kale, ndili ndi jekete lomwe ndimavala popita ku ntchito, masokosi awiri, magolovesi. Mayi wina wachikulire wogwira ntchito mmenemo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anafunsa kuti mukupita ku gemu mawa? Ndinati eya. Anati ndi nsapato zimenezo? Safunsa anadya phula, ndinangoti mayi ndiuzeni chochita.

Anandiyendetsa shopu yonse ngati mwana wa sitandade 1. Masokosi a thonje ayi, akanyowa ndi thukuta ndi omwe amakuzizira, tenga a ubweya. Nsapato isathine, phazi likapanikizika magazi sayenda. Magolovesi a zala zisanu asiye, tenga aja okhala ngati kathumba kuti zala zizifunditsana zokha. Timapaketi tija tomwe ukatigwedeza timayamba kutentha, tenga teni, tina mmanja tina munsapato. Kenako analowa kuseri nkutuluka ndi katoni yopanda kanthu, anaidula ndi kampeni zidutswa zinayi, ati izi ndi zaulere koma ndi zomwe zikupulumutseni, muziponda pamenepo, chisanu cha ku Lambeau chimalowera pansi pa simenti osati mmwamba. Zonse zinakwana $74, ndalama yomwe sinali pa bajeti. Alamu anakana kugula chilichonse kupatula tchizi, ati iwo ndi a ku Dedza. Koma makatoni awiri ndawaona akuwalowetsa mu chikwama chawo mwakachetechete.

Usiku uno ndalakwitsa, ndayamba kuwerenga za gemu ya ku Kansas City ya pa 13 Januwale 2024, Chiefs ndi Miami Dolphins. Poyamba gemu kunali -20°C, kuzizira koti chisoti cha Patrick Mahomes wa Chiefs chinathethekako chidutswa atagundana ndi mnzake. Patapita miyezi iwiri chipatala china cha mumzindawo chinanena kuti chadula zala anthu angapo omwe anapsa ndi chisanu masiku amenewo, ndipo ena mwa iwo anali ku gemu ija. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, phazi lodulidwa zala ndimalisambitsa ndi manja angawa, ndikulidziwa. Ndawaonetsa alamu pa foni, angoti mawa si choncho, gonani. Ndayesa masokosi atsopano aja, ndagona nawo.

Lamulungu, Green Bay

Ndikulemba mapazi ali mu beseni la madzi ofunda. Nditenga nthawi pa lero chifukwa ndi lomwe tinabwerera.

Chinthu choyamba chodabwitsa, bwaloli lili pakati pa nyumba za anthu. Ukuyenda mu kamsewu ka nyumba wamba, mipanda, njinga za ana zitakwiririka mu sinowo, ukangokhota chimphona chija chili pamaso pako. Tsiku la gemu eni nyumba amasandutsa kapinga wawo poimikapo magalimoto. Ife tinaimika kwa bambo wina pa $30, anatilozera pomwe tiime pafupi ndi mtengo, kenako ati chimbudzi chili mu garaja muli omasuka, ndipo akazi awo anatulukira ndi makapu awiri a chokoleti chotentha osatilipiritsa. Nthawi ili 9 koloko mmawa, foni ikuti -12°C.

Pamalo oimika magalimoto a pabwalo nde ngati msika wa pa Lizulu, utsi ponseponse, anthu atavala zovala za alenje za olenji, ena zipewa za siponji zooneka ngati chidutswa cha tchizi. Akuwotcha masoseji omwe amayamba awawiritsa mu mowa ndi anyezi. Sitinayende mtunda, mkulu wina wandevu zoundana anangotiika aliyense soseji mmanja ili mu banzi, osafunsa dzina. Atafunsa kwathu ndinati Malawi, anagwedeza mutu mwaulemu ngati akudziwa, koma maso akuchita kuonetsa kuti mapu ake athera panjira. Anangoti nde mwazizidwa eti, tengani ina.

Mkati, mbali yaikulu mulibe mipando. Muli mabenchi a aluminiyamu, ataliatali, olembedwa manambala, malo a munthu mmodzi mainchi 18. Tsono aliyense wavala majekete atatu, nde mainchi 18 aja sakwanira munthu, mumakhala four-four ngati minibasi ya ku Ndirande, wina akaimirira malo ake apita. Poyamba zinandinyansa, patapita ola ndinazindikira kuti phewa la neba ndiye hita yanga. Sinowo yemwe anagwa mkati mwa sabata anali atachotsedwa m'mabenchimo, alamu ati timu imaitana anthu a mtauni kubwera ndi kudzakokola ndi mafosholo, kuwalipira pa ola, ndipo anthu amachita kukhala pa mzere.

Neba wanga anali bambo wachikulire, malo amenewo ati anali a bambo awo. Kuno matikiti a chaka chonse amasiyirana ngati munda, ndipo mndandanda wa omwe akudikira uli ndi mayina oposa 100,000, mwana akangobadwa amakamulembetsa. Sindinawafunse za Ice Bowl, anayamba okha. 31 Disembala 1967, Packers ndi Dallas Cowboys, -25°C, mawaya amagetsi omwe anaika pansi pa kapinga kuti azitenthetsa bwalo anakanika ntchito, bwalo linauma gwa ngati simenti, woyimbira ataliza wezulo yachitsulo inakakamira pa milomo, gemu yotsalayo oyimbira anangogwiritsa ntchito mawu. Bart Starr wa Packers anadzikankhira yekha pa mzere wogoletsera kutatsala masekondi ochepa, anawina 21-17. Bambo awo analipo. Tsiku limenelo munalowa anthu 50,000 ndi kenakake, koma mmene ndamvera lero kuyambira poimika galimoto, aliyense mu Wisconsin bambo ake analipo kkkk.

Koma tamverani chomwe ndinaona ine, chomwe pa TV sindinkachiona. Kapinga wa pa Lambeau masiku ano saundana, pansi pake pali mapaipi oyenda madzi otentha. Osewera akatuluka amakhala pa mabenchi otenthetsa, amafunda zimajekete zofika kumapazi, kumbuyo kwawo kuli zimakina zouzira mpweya wamoto. Ukakweza maso pamwamba, kuseri kwa magalasi, kuli anthu atavula majekete akudya ndi mafoloko. Nde amene akuzizidwa zenizeni kwa maola atatu osasuntha ndi ndani? Ndi ife a pa benchi, omwe tagula tikiti ya $180 kwa munthu wina pa intaneti. Zinandikumbutsa pa Kamuzu Stadium, kuli covered stand kuli open stand, mvula ikabwera umadziwa kuti ndani analipira zingati. Ndinawauza alamu kuti pamtetete mukunenapo ndi pa amphawi okha, iwo anati onerani mpira.

Ndipo ndinaonera. Apa ndi pomwe ndiyenera kuulula. Cha kumapeto kwa kota yachiwiri sinowo anayamba kugwa, wopepuka, akuoneka mu kuwala kwa magetsi, mpweya wa anthu 80,000 ukukwera ngati nthunzi ya pa mphika, mpira ukaponyedwa patali mphepo ikuukhotetsa anthu onse nkumati uuuu limodzi. Kenako touchdown mbali yathu yomweyi, wogoletsa anathamanga nkulumphira mu anthu, mwambo womwe anayambitsa LeRoy Butler mu Disembala 1993. Ine sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangozindikira ndakumbatirana ndi bambo aja, mayi wina kumbuyo akundimenya pa msana ndi golovesi, pakamwa panga pakutuluka Go Pack Go, ine munthu woti timuyi sindiisapota. Alamu anandiyang'ana osanena kanthu, kumwetulira kuja kopweteka kuposa mawu.

Kota yachitatu zala za kuphazi zinasiya kundiyankha. Katoni ija inali itanyowa, timapaketi tatha mphamvu, mowa wa mnyamata wa kutsogolo utasanduka phala la ayezi mu kapu, foni yanga inazima ili pa 40. Nkhani ya Kansas City inabwerera mmutu yonse. Ndinanamizira chimbudzi. Kulowa mmenemo ndinapeza azibambo ngati 30 atangoima pansi pa hita, palibe yemwe akuchita zomwe anthu amalowera mchimbudzi, aliyense akuyang'ana pansi ngati tagwidwa tikuba. Ndinakhalamo mphindi 15. Wachitatu kuchokera pakhomo anali munthu wa ku Dedza.

Titabwerera alamu anafuna kudzitola, anayamba ija yawo yoti chisanu ndi wosewera wa nambala 12, matimu ochokera kotentha kapena m'mabwalo ofolera akafika pano amafota. Yemwe anawatsutsa si ine, ndi bambo aja. Anawerenga pa zala za golovesi: Januwale 2003, Atlanta Falcons ya Michael Vick, timu ya m'bwalo lofolera, inawakwapula pompano 27-7, koyamba Packers kugonja pakhomo mu ma playoff, magemu ochotsana a kumapeto kwa ligi. Januwale 2008 New York Giants. Januwale 2022 San Francisco 49ers, anyamata a ku California, 13-10 sinowo akugwa. Ati chisanu sichidziwa yunifolomu. Nde ndinafunsa kuti nanga bwanji osangofolera? Anandiyang'ana ngati ndatukwana pa maliro. Ati mdzukulu wanga adzakhala pa benchi lomweli, adzazizidwa mmene anazizidwira bambo anga.

Zala zabwerera zonse teni, zikuyabwa koopsa.

Lolemba, pa msewu wa 29

Galimoto yakana kulira. Batire lagona ndi chisanu cha usiku, kiyi ukatembenuza ikungoti tche tche tche. Taima panja pa motelo mphindi 40 tikuimbira anthu othandiza pa msewu omwe ankangotiuza kuti dikirani, mpaka mnyamata wina wa pickup yokankha sinowo anaima yekha, anatulutsa ma jumper, mphindi zitatu yalira. Ndinatulutsa $20, anakana, ati mukagule batire lina musanafike ku Minnesota. Tagula, $160, bajeti yafa basi.

Msewu wa 29 wodutsa ku Wausau ndi wotopetsa, minda yoyera mbee, nkhokwe zazitali za alimi a ng'ombe za mkaka, nkhalango, mindanso. Makilomita oposa 400 kukafika Minneapolis. Tinatsatira chigalimoto chothira mchere pa msewu kwa nthawi yaitali, palibe yemwe amafuna kuchipitirira.

Mkangano lero unasamukira ku ndalama. Alamu amati ubwino wa Green Bay ndi woti kulibe bwana mmodzi yemwe angadzuke nkuopseza kuti mukapanda kundimangira bwalo ndisamutsa timu, eni ake ndi anthu oposa 500,000 a mapepala a mu felemu aja. Apo ndinavomera. Koma atafika poti Lambeau sinadyepo msonkho wa munthu ndinawagwira, chifukwa izi ndinaziwerenga. Mu 2000 anthu a Brown County anavota kuti pa katundu wogula mushopu paonjezeredwe msonkho wa 0.5 peresenti wokonzera bwaloli, ndipo anaupereka mpaka 2015. Alamu anati koma anavota okha. Ndinati eya, anavota okha. Tinakhala chete, aliyense akuganiza kuti mfundoyo yathandiza iyeyo.

Ndatopa. Milomo yang'ambika, ndikupaka Vaseline ngati mwana wa sukulu mu Juni.

Lachiwiri, Minneapolis

Gemu kulibe lero, tinalowa nawo gulu loyendera U.S. Bank Stadium, madola 20 ndi kenakake munthu mmodzi. Kunja kukuzizira kuposa Lamulungu, mphepo yake yodula makutu. Kungolowa, magalasi anga anachita nthunzi, ndinavula jekete, ndinavula juzi, ndinatsala ndi shati. Ndinayang'ana alamu ndikudikira kuti anene kanthu.

Chomwe sindimayembekezera ndi kuwala. Ine ndimaganiza za chinyumba chamdima ngati nyumba yosungira fodya, koma mbali yaikulu ya denga ndi pulasitiki yoonekera, dzuwa likulowa mpaka pa kapinga, ndipo mbali imodzi kuli zitseko zisanu zagalasi zazitali kuposa nyumba yosanja zomwe amatsegula kukakhala kofunda. Kapinga wake ndi wopanga, ndinagwada nkumugwira, akumveka ngati bulashi. Dengalo ndi lotsetsereka kwambiri ndipo anachita dala kuti sinowo azitsetsereka yekha. Anaphunzirapo. Pamalo omwewa panali Metrodome, yomwe denga lake linali lansalu logwiridwa ndi mpweya wopopa ngati chubu, ndipo mbandakucha wa pa 12 Disembala 2010 sinowo analemera, nsalu inang'ambika, zonse zinakhuthukira pabwalo. Mwayi palibe yemwe anavulala. Gemu yawo ndi Giants anakaisewerera ku Detroit. Alamu nkhani imeneyi amaikonda ngati ya ukwati wawo.

Ndipo ali ndi ina yomwe ndilibe nayo yankho. Vikings inasewera pamtetete ku Metropolitan Stadium kuyambira 1961 mpaka 1981, pomwe pano pali Mall of America. Kochi wawo Bud Grant ankaletsa ma hita m'mbali mwa bwalo, ati wosewera aziganiza za mpira osati za moto. Nthawi imeneyo anafika mu Super Bowl, fainolo ya ligi yonse, kanayi. Anagonja kanayi konse, inde, koma chilowereni mnyumba mu 1982 sanafikekonso. Pa 10 Januwale 2016, bwalo latsopanoli lili mkati momangidwa, anasewera playoff ndi Seattle panja pa bwalo la yunivesite kuli -21°C, Grant ali ndi zaka 88 anatulukira pakati pa bwalo atavala shati ya manja aafupi. Alamu anationetsa kanemayo pa foni ine ndi mayi wina wa mu gulu lathu. Mayiyo anangoti inde, ndipo tinagonja 10-9 wathu ataphonya kick ya mayadi 27, ine ndinalipo, sindidzabwerezanso.

Koma chomwe chinandikhala mmutu ndi china. Timu ya NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, pakhomo imasewera magemu 8 kapena 9 a ligi pa chaka, kuphatikiza oyeserera ndi ma playoff mwina masiku teni ndi kenakake. Bwaloli linadya madola pafupifupi 1.1 biliyoni, ndipo 498 miliyoni inachokera ku boma la Minnesota ndi mzinda wa Minneapolis, kutanthauza anthu, ngakhale omwe mpirawu sauonera. Masiku ena onsewo a chaka bwanji? Muno mwachitika Super Bowl ya pa 4 Febuluwale 2018, yomwe sakanapatsidwa popanda denga, ma fainolo a basketball ya makoleji mu 2019, ana a sekondale amadzaseweramo ma fainolo awo, nthawi yozizira matimu a baseball a masukulu amabwereka, ndipo madzulo ena amatsegulira anthu wamba kudzathamanga m'makhonde. Kuipa kwake kuliponso, magalasi akunjawo mbalame zimadzigundako nkufa, anthu okonda zachilengedwe anadandaula kuyambira lisanathe kumangidwa.

Nkhomaliro tinakadya ku Cedar-Riverside, kufupi pomwepo, dera la anthu ochokera ku Somalia. Mpunga ndi nyama ya mbuzi mbale yodzadza $16, pambali nthochi yakupsa yomwe ndimati ndi ya pambuyo mpaka mnyamata woperekera anandisonyeza kuti umadula nkudyera limodzi ndi mpunga. Atamva kuti ndife a ku Malawi anabweretsa tiyi wa mkaka wa zonunkhira, ati ameneyu musalipire. Ndinamufunsa ngati amapita ku Vikings. Anaseka, ati tikiti yake ndi malipiro a masiku awiri, koma m'bwalomo analowamo kamodzi, mu Ogasiti 2018, pa mapemphero a Eid omwe Asilamu masauzande anachitira mmenemo, anapita ndi mayi ake. Alamu sanayankhe, anangopitiriza kukukuta fupa.

Lachitatu, pa I-94 kubwerera

Alamu akuyendetsa, ine ndikulemba pa foni, ulendo wonse ndi makilomita ngati 800. Tadutsa Eau Claire, kumwamba kwayera, msewu ndi wouma.

Ndinanyamuka ndikuti onse afolere. Pano sindinganenenso choncho za Green Bay, ndanena pamaso pa alamu ndipo anandiuza kuti ndibwereze ajambule. Anthu aja chisanu anachisankha okha, bwalo analipirako okha atavota, ndipo zomwe zinandichitikira sinowo atayamba kugwa sizikanachitika ndili mu shati. Asiyeni. Ine ndidzapitanso, koma mu Seputembala.

Komwe sindikusuntha ndi kwinaku. Ngati timu ili ndi mwini wake bilionea ndipo akupempha theka la biliyoni kwa anthu a msonkho, chinyumbacho chizigwira ntchito chaka chonse, mnyamata wa mpunga uja azilowamonso. Ndipo tisanamizane kuti eni matimu akufuna denga chifukwa chomvera chisoni zala zathu, akufuna Super Bowl ndi makonsati a mu Febuluwale, apo alamu analondola kuyambira ku Chicago kuja.

Iwo anatulutsa Buffalo. Ati onani Bills, kumene sinowo amakwirira magalimoto, bwalo lawo latsopano ku Orchard Park anasankha kuti pakati pakhale potsegula, denga lingophimba mbali yaikulu ya mipando, mpira panja anthu pamthunzi, nonse mwasangalala. Ndinati alamu, Buffalo yomweyo ndi yomwe mu Novembala 2022 inasamutsira gemu yake ya pakhomo ku Detroit, m'bwalo lofolera la eni ake, ndipo mu Januwale 2024 playoff yawo ndi Steelers inasunthidwa tsiku lathunthu akulipira anthu $20 pa ola kuti akokole sinowo, pamwamba pake boma la New York ndi Erie County aikapo madola 850 miliyoni. Iwo ati koma anthu anabwera ndi mafosholo, sanabwere? Ndinati anabwera. Tafika pa Tomah tikadali pomwepo.

Mayi a kunyumba aimba kufunsa ngati tagwirizana. Alamu anafuulira foni kuti mlamu wanu watembenuka mtima, ine ndinati theka lokha, ndipo musaiwale kuwafunsa achimwene anu kuti kota yachitatu anali kuti. Foni inadulidwa akuseka.

Taima pothira petulo, ndimafuna nditaye zinyalala za mu buti, makapu, timapaketi takutha tija, ndi makatoni. Alamu anandilanda makatoni awiri ouma aja nkuwabwezera pansi pa tayala la sipeya.